Belo Likabwezedwa, Wolakwa Ndani? Maphunziro a Deming, Juran, Crosby ndi Anzawo Poyesedwa pa Fodya wa ku Tengwe

Alangizi anzanga, phunziro lino lidayamba ndi mlandu wa m'shedi yosankhira fodya. Ndidakacheza pa famu ina ku Tengwe, m'boma la Hurungwe, chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kufupi ndi tawuni ya Karoi. Mwini famuyo anali atangofika kuchokera ku msika, kumene mabelo ake angapo adabwezedwa chifukwa m'belo limodzi munkapezeka masamba a magiredi osiyana. Tsiku lomwelo adaitana amayi osankha fodya nawauza kuti awadula malipiro a sabata imeneyo. Amayiwo sadayankhe kanthu. Titatuluka panja, mmodzi wa iwo, wachikulire ndithu, amene makolo ake adachokera ku Nyasaland, adandiuza m'Chichewa kuti: "Bambo, ife timasankha chimene bani yatipatsa. Tsamba likatuluka lamawangamawanga, dzanja langa lingalisandutse bwanji?"

Funso la mayiyu ndi lomwe akatswiri a kayendetsedwe ka ubwino wa katundu adalimbana nalo m'mafakitale a ku America ndi ku Japan kwa zaka zambiri. Ponena kuti ubwino, tikutanthauza kuti katundu akhale monga momwe wogula akumufunira, ndipo akhale wotero nthawi zonse. Akatswiriwa adagwirizana pa mfundo imodzi: kusankha katundu pomaliza sikupanga ubwino, kumangolekanitsa wabwino ndi woipa amene wapangidwa kale. Koma adasiyana pa nkhani ya amene ayenera kusenza mlandu zinthu zikalakwika. M'phunziro lino tiwayerekeza, ndipo aliyense timuyesa pa bani ya fodya.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Tengwe ndi dera la fodya wa fuluu, amene amaumitsidwa ndi moto m'mabani. Kwa zaka zambiri mafamu akuluakulu a kuno ankadalira antchito ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena obwera kudzera ku Mthandizi, ena obwera okha. N'chifukwa chake mpaka lero Chichewa chimamveka m'makomboni a m'mafamu. Luso lalikulu loumitsa ndi kusankha fodya linali m'manja mwa anthu amenewa.

Kuyambira m'chaka cha 2000 boma la Zimbabwe lidagawa mafamu ambiri kwa alimi atsopano. M'chaka chimenecho dzikolo lidagulitsa fodya pafupifupi makilogalamu 237 miliyoni. Pofika 2008 fodya adatsika mpaka kuchepera makilogalamu 50 miliyoni. Kenaka adakweranso: mu 2023 adafika makilogalamu 296 miliyoni, ndipo mu 2025 adapitirira 300 miliyoni koyamba. Kusintha kwakukulu n'kwakuti fodya amene kale ankachokera m'mafamu ochepa tsopano akuchokera kwa alimi oposa 100,000, ambiri mwa iwo a minda yaing'ono, olima pa mgwirizano ndi makampani. Mlimi wotere belo lake likabwezedwa kapena likagulidwa pa mtengo wotsika, ngongole ya feteleza imatsala pakhomo. Mmenemu ndi momwenso zilili kwa alimi a ku Kasungu, ku Chipata ndi ku Angónia. Choncho mlangizi ayenera kudziwa pamene ubwino umatayikira.

Shewhart ndi Deming: kusiyanitsa mitundu iwiri ya zifukwa

Walter Shewhart ankagwira ntchito ku kampani ya Western Electric ku America. M'chaka cha 1924 adakonza tchati chimene munthu amalembapo zotsatira za ntchito tsiku ndi tsiku, chokhala ndi mzere wapakati ndi malire awiri, wina pamwamba wina pansi. Iye adaona kuti palibe zinthu ziwiri zimene zimatuluka zofanana ndendende, ndipo kuti kusiyanaku kuli ndi magwero awiri. Pali zifukwa zokhazikika, zimene zili m'dongosolo lenileni la ntchito ndipo zimachitika masiku onse. Palinso zifukwa zapadera, zimene zimabwera mwa apo ndi apo ndipo zingathe kulozedwa ndi chala.

W. Edwards Deming, amene adabadwa mu 1900 namwalira mu 1993, ndiye adafalitsa nzeru imeneyi. Ife a zaulimi tingamutche mnzathu, pakuti kuyambira 1927 mpaka 1939 ankagwira ntchito ku unduna wa zaulimi wa dziko la America. Mu 1950 adaitanidwa ku Japan kukaphunzitsa mainjiniya ndi akuluakulu a makampani, ndipo mu 1951 a ku Japan adakhazikitsa mphotho yotchedwa ndi dzina lake.

Deming ankaphunzitsa ndi masewero a mikanda. M'bokosi ankaikamo mikanda yoyera ndi yofiira, yofiirayo ili gawo limodzi mwa magawo asanu. Antchito ankatunga mikanda 50 ndi chipande chamabowo, atalamulidwa kuti asatunge yofiira. Wotunga yofiira yochepa ankayamikiridwa, wotunga yambiri ankadzudzulidwa, koma mawa lake woyamikiridwa uja ndiye ankatunga yambiri. Vuto linali m'bokosi, osati m'manja mwa wotunga. Deming ankati mwa mavuto 100 a pantchito, pafupifupi 94 amachokera m'dongosolo, limene ndi udindo wa oyang'anira. Nambalayi adaipereka poganizira zimene adaona m'mafakitale, ndipo sitiyenera kuitenga ngati muyeso wa m'munda, koma mfundo yake ndi yoona.

Tiyeni tiibweretse ku bani. Fodya wa fuluu amauma m'masiteji atatu, pafupifupi sabata imodzi. Poyamba tsamba limasanduka lachikasu pa kutentha kwa madigiri 32 mpaka 38, mpweya uli wachinyezi. Kenaka kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono mpaka madigiri 55 kapena kupitirira pang'ono kuti tsamba liume. Pomaliza kumafika cha m'ma 70 kuti mtsempha wapakati uume. Moto ukakwezedwa msanga tsamba likadali ndi madzi ambiri, limapsa n'kusanduka lofiirira. Tsono woyang'anira moto akagona usiku umodzi ng'anjo n'kuzima, chimenecho ndi chifukwa chapadera, ndipo nkhani yake ikambidwe ndi iyeyo. Koma bani ikamatulutsa fodya wosapsa bwino pangodya yomweyomweyo pa ulendo uliwonse, aliyense amene akusonkha moto, chimenecho ndi chifukwa chokhazikika. Kusintha wantchito sikungathandize. Chofunika ndi kukonza khoma, chitseko kapena mapaipi a moto.

Deming ankadananso ndi kupimira antchito nambala yoti akwanitse pa tsiku. M'mafamu timautcha mgwazo. Wothyola fodya akamalipidwa poona kuchuluka kokha, amathyola tsamba lokhwima ndi losakhwima pamodzi kuti aweruke msanga. Masamba otere sasanduka achikasu nthawi imodzi, ndipo kusakanikirana kumene kumadzaonekera m'belo kumakhala kutayambira m'munda.

Juran: funsani wogula, ndipo yambani ndi vuto lalikulu

Joseph Juran adabadwira ku Romania mu 1904, adakulira ku America, ndipo adamwalira mu 2008. Adapita ku Japan mu 1954. Pamene Deming ankatsindika masamu ndi kusintha maganizo a oyang'anira, Juran ankalankhula chinenero cha ndalama ndi cha ndondomeko. Kwa iye katundu wabwino ndi amene akuyenera ntchito imene wogula akumufunira. Adagawa ntchito ya ubwino patatu: kukonzekera, kuyang'anira, ndi kupititsa patsogolo, ndipo ankati kupititsa patsogoloko kumachitika pothetsa vuto limodzi pa nthawi.

Mphatso yake yoyamba kwa ife ndi mfundo imene adaitcha ndi dzina la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy: zifukwa zochepa ndizo zimabweretsa gawo lalikulu la chitayiko. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yabwezeredwa mabelo 20. Mlangizi akawerenga matikiti n'kupeza kuti 11 abwezedwa chifukwa chosakaniza magiredi, 5 chifukwa cha chuku, 2 chifukwa cha zinyalala, ndipo 2 pa zifukwa zina, wadziwa kale pamene ayenera kuthera nthawi yake. Zifukwa ziwiri zokha zatenga mabelo 16. Ambiri a ife timaphunzitsa mitu khumi mofanana pa msonkhano umodzi, alimi n'kubwerera kwawo osadziwa chimene chikuwadyera ndalama.

Mphatso yachiwiri ndiyo imayankha mwachindunji mlandu wa m'shedi uja. Juran ankati wantchito angapatsidwe mlandu pokhapokha zinthu zitatu zikakwanira: akudziwa chimene ayenera kuchita, ali ndi njira yodziwira mmene ntchito yake ikuyendera, ndipo ali ndi mphamvu yoikonza ikapotoka. Chimodzi chikasowa, mlandu ndi wa woyang'anira. Wosankha fodya amene sadaonetsedwepo zitsanzo za magiredi, amene sauzidwa chimene chalembedwa pa tikiti ya belo lake, ndipo akugwira ntchito m'chipinda chamdima, walephera mayeso onse atatu popanda kulakwa kwake.

Crosby: pali zinthu zosafunika kunyengerera

Philip Crosby, wobadwa mu 1926 ndi kumwalira mu 2001, adatchuka ndi chiphunzitso chakuti pasapezeke cholakwika ngakhale chimodzi. Chiphunzitsochi chidayambira ku kampani ya Martin kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo iye adachifalitsa ndi buku lake la mu 1979 lotchedwa Quality Is Free. Kwa Crosby ubwino ndi kukwaniritsa zofunika zimene zidalembedwa, njira yake ndi kupewa, ndipo muyeso wake ndi ndalama zimene zimatayika pochita ntchito molakwika. Mlimi amene belo lake labwezedwa amaudziwa bwino muyeso umenewu: kulipira kawiri galimoto, kusankhanso, kudindanso, kugona ku msika, ndi fodya wofumbutuka pomugwiragwira.

Apa ndi pamene akatswiriwa adasemphana. Deming ankati mawu olimbikitsa okhomedwa pakhoma, ouza antchito kuti asalakwitse, amangobala mantha ndi mkwiyo ngati dongosolo silinasinthe. Zoona zake n'zakuti makampani ambiri adatenga zikwangwani za Crosby n'kusiya mbali ya kupewa, imene iye ankaiikanso pamapewa a oyang'anira.

Kwa ife, onse awiri ali ndi malo awo. Palibe mlimi amene angalonjeze kuti masamba ake onse atuluka a giredi yoyamba, pakuti tsamba lam'munsi silingafanane ndi lapakati kapena lakunsonga, ndipo mvula ya chaka chino si ya chaka chatha. Kulamula kuti pasakhale cholakwika pa nkhani yotere n'kuphunzitsa anthu kubisa. Koma pali zinthu zimene yankho lake ndi inde kapena ayi: pulasitiki, nthenga ndi ulusi wa masaka m'belo, kubisa fodya woipa pakati pa belo, kapena kupopera mankhwala osaloledwa. Pa zimenezi Crosby akunena zoona. Malamulo a fodya a ku Zimbabwe ali ndi mzimu womwewo wa kupewa: mapesi azulidwe pofika 15 May, mbewu isafesedwe pa nazale isanafike 1 June, ndipo kuwokera kusayambe isanafike 1 September. Cholinga chake n'chakuti pakhale nyengo yopanda fodya, kuti nsabwe za m'masamba ndi matenda amene zimafalitsa zisowe pokhala. Mlimi mmodzi akanyalanyaza, amapatsira mudzi wonse.

Ishikawa: mverani amene akugwira ntchito

Kaoru Ishikawa wa ku Japan, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1915 mpaka 1989, adatsitsa nzeru zimenezi kuchokera ku maofesi kufika kwa antchito wamba. Mu 1962 adatsogolera kuyambitsa timagulu ta antchito tokumana kawirikawiri kukambirana mavuto a pantchito pawo. Amadziwikanso ndi chithunzi cha minga ya nsomba. Kumutu kwa nsomba mumalemba vuto, ndipo pa munga uliwonse waukulu mumalemba gwero limene lingabweretse vutolo: anthu, zipangizo, njira yogwirira ntchito, katundu wolowa, kayezedwe, ndi malo.

Mwa zida zonse za m'phunziro lino, ichi ndicho chosavuta kunyamula. Chingajambulidwe ndi kamtengo pansi pa mtengo wa mango. Ubwino wake ndi wakuti chimachotsa maso pa munthu n'kuwaika pa vuto. Mukalemba kumutu kuti magiredi osakanikirana, wothyola amanena za mgwazo, wosonkha moto amanena za nkhuni zaziwisi, wosankha amanena za mdima wa m'shedi. Mutu umodzi susenza denga. Koma chenjezo ndi ili: msonkhano wotere umafa ngati mwini famu kapena kapitawo akulanga amene wanena zoona. Ishikawa sangagwire ntchito pamene mantha amene Deming ankadandaula nawo akadalipo.

Taguchi: konzani ntchito kuti ipirire zimene simungazilamulire

Genichi Taguchi, wobadwa mu 1924 ndi kumwalira mu 2012, adatenga njira zoyesera zimene Ronald Fisher adakonzera ofufuza a zaulimi ku Rothamsted, ku England, kumene adayamba ntchito mu 1919, nazilowetsa m'mafakitale. Choncho timinda toyesera mbewu timene timationa ku Kutsaga, ku Chitedze ndi ku Msekera tili pachibale ndi nzeru za Taguchi.

Chitsanzo chake chotchuka ndi cha kampani ya matailosi ya Ina, mu 1953. Matailosi ankatuluka mu uvuni osafanana kukula, chifukwa kutentha kunkasiyana pakati ndi m'mphepete. Kumanga uvuni wina kunali kodula. M'malo mwake adayesa kasakanizidwe ka dothi, napeza kuti kuwonjezera laimu kunkachititsa matailosi kutuluka ofanana ngakhale uvuni unali womwewo.

Mlimi wamng'ono sangagule bani yamakono, ndipo palibe amene angalamule mvula. Koma angachepetse mphamvu ya zinthu zimenezi pa fodya wake: mbande zofanana msinkhu, kuwokera munda m'masiku ochepa, feteleza woyezedwa ndi kapu imodzi, ndi kudzaza bani ndi masamba a msinkhu umodzi pa tsinde, othyoledwa tsiku limodzi. Fodya wofanana polowa amapirira bani yopanda ungwiro kuposa fodya wosakanikirana. M'mera mpoyamba.

Tikawaika pamodzi

Shewhart ndi Deming adatisiyira funso loyamba: kodi vutoli ndi lamasiku onse kapena lapadera? Juran adatisiyira ndondomeko: vuto liti likudya ndalama zambiri, ndipo wantchito anali ndi mphamvu yolipewa? Crosby adatisiyira kulimba mtima pa zinthu zosafunika kunyengerera. Ishikawa adatisiyira njira yomvera antchito. Taguchi adatisiyira nzeru yopirira zimene sitingazisinthe. Amene mfundo zake zakhalitsa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi Deming ndi Juran, chifukwa popanda mafunso awo zida za enawo zimasanduka ndodo yomenyera wantchito.

Tisaiwale malire awo. Onsewa ankaganiza za fakitale yokhala ndi denga ndi mwini mmodzi. Kwa mlimi wa hekitala imodzi, dongosolo silithera pa mpanda wa munda wake. Muli kampani imene imabweretsa feteleza, wogula amene amaika mtengo, ndiponso ife alangizi. Feteleza akafika mochedwa kapena uphungu wathu ukakhala wosamveka, ifeyo ndife mbali ya bokosi la mikanda lija. Ndipo ngati msika sulipira kusiyana pakati pa fodya wosamalidwa ndi wosasamalidwa, palibe chiphunzitso chimene chingamugwire mtima mlimi.

Kwa amene simugwira ntchito ya fodya, yesani mfundo zomwezi pa mtedza. Mayiko a ku Ulaya salola poizoni wa chuku wopitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa mwachindunji. Kusankha mtedza wowola kumathandiza, koma chuku chimayambira pa chilala cha kumapeto kwa nyengo, pa kuumitsa mosakwanira, ndi pa chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda.

Zimene tidapeza pa famu ija

Mawa lake tidayenda ndi mwini famu kuchokera ku shedi kubwerera ku munda. M'shedi munali zenera limodzi laling'ono, pamene kusankha kumafuna kuwala kokwanira kochokera kumwera, kopanda dzuwa lolowa mwachindunji. Pakhoma panalibe zitsanzo za magiredi. M'bani munali choyezera kutentha chimodzi pafupi ndi chitseko, chopanda chinzake cha nsalu yonyowa choonetsa chinyezi, ndipo pansi pa chitsekocho panali mpata wolowa dzanja. Kumunda, othyola anali pa mgwazo. Mwini famu adakhala chete kanthawi, kenaka adauza kapitawo kuti malipiro a amayi aja asadulidwe. Fodya amene anali atauma kale sakadasinthika. Chimene chidasintha ndi malo amene adayamba kufunafuna vuto.

Zoyenera kuchita mlangizi

1. Pemphani alimi kusunga matikiti onse a mabelo, ogulidwa ndi obwezedwa, ndipo muwerengere limodzi zifukwa zake kuyambira chachikulu.

2. Bani iliyonse ikhale ndi kope lolembamo kutentha ndi chinyezi pa maola oikika, usana ndi usiku. Musaweruze ndi ulendo umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

3. Munthu asanadzudzulidwe, funsani mafunso atatu a Juran.

4. Lembani pakhoma la shedi zinthu zochepa zosaloledwa m'belo, ndipo pachikani zitsanzo za magiredi pamalo owala.

5. Sinthani chinthu chimodzi pa bani imodzi, yerekezani ndi inzake, ndipo mufalitse pokhapokha mwaona phindu lake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani vuto limodzi lokhazikika ndi limodzi lapadera limene mudakumana nalo m'dera lanu nyengo yathayi. Kodi mudawathetsa mofanana?

2. Kodi mgwazo ungakonzedwe bwanji kuti wothyola alipidwe poonanso kukhwima kwa tsamba?

3. Ndi mbali iti ya ntchito yathu ya ulangizi imene ikuika mikanda yofiira m'bokosi la mlimi?